Probox imene inataya mabuleki pamtsetse wa ku Chikwawa patatha mwezi titazimitsa nyali yofiira

Galimotoyi ndi Toyota Probox ya 2008, ya injini ya 1NZ-FE, giya yodzisintha yokha, madisiki kutsogolo, madilamu kumbuyo, ndipo ili ndi ABS, makina oletsa matayala kuloka munthu akaponda buleki mwamphamvu. Inali itayenda makilomita 214,000 pomwe inalowa koyamba pagalaja panga ku Blantyre. Eni ake ndi mayi ena ageni omwe amapikula mafuta ophikira, sopo, mchere ndi ufa wa tirigu ku Limbe n'kukagulitsa ku Nchalo. Woyendetsa ndi mwana wa mchemwali wawo, mnyamata waulemu, wosamala, koma yemwe anaphunzira kuyendetsa kokha, za pansi pa boneti sanaphunzitsidwe. Kawiri kapena katatu pa sabata galimotoyi imatsika mtsetse wa ku Chikwawa itadzaza mpaka kudenga. Blantyre ali pamtunda woposa mamita 1,000, pomwe kutsidya kwa mlatho wa Shire ndi pafupifupi mamita 100 okha, ndipo kutsika konseko kumathera m'makhotakhota ochepa pakati pa Milare ndi Thabwa. Mabuleki a galimoto yotere amagwira ntchito yolemera kuposa a galimoto ya m'tauni, ndipo mfundo imeneyi ndinayenera kuiganizira tsiku loyamba.

Ulendo woyamba

Mnyamatayu anabwera kumapeto kwa September. "Madala, kanyali kofiira aka kakumaphethira ndikamakhota, mwinanso ndikaponda buleki mwamphamvu, kenako kamazima kokha."

Inali nyali ya chizindikiro cha mfuwu (!) mkati mwa bwalo. Nyali imeneyi ndi imodzi koma ili ndi oiyatsa angapo. Imayaka handibuleki ikakokedwa kapena kaswichi kake kakamagunda molakwika. Imayaka mafuta a mabuleki akatsika m'kathanki, chifukwa mkatimo muli kapulasitiki koyandama komwe kakatsika kamalumikiza swichi. Pa magalimoto ambiri a Toyota imayakanso pamodzi ndi ya batire alternator ikasiya kutchaja, ndipo ikayaka pamodzi ndi yachikasu ya ABS ndiye kuti vuto lakhudza mbali yogawa mphamvu ya buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Koma nyali yophethira pokhota imaloza kumodzi: mafuta ali pafupi ndi mzere wa MIN, akamakhuthukira mbali imodzi kapulasitiki kaja kamatsika kwa kanthawi.

Tinatsegula boneti, mafuta analidi pang'ono pansi pa MIN, akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinasuzumira mapadi akutsogolo, omwe amafinya disiki kuti tayala liime, osachotsa matayala, ndinaona kuti nyama yake yokhula disiki ilipo, mwina mamilimita 6. Ndinayang'ana kuseri kwa matayala onse anayi ndi pansi pa galimoto, sindinaone ponyowa. Galaja inali yodzaza tsiku limenelo, mnyamatayo anali ndi katundu womudikira ku Limbe. Ndinauza wophunzira ntchito wanga kuti athire mafuta a mabuleki a DOT 3 mpaka pa MAX, nyali inazima, galimoto inapita.

Apa ndi pomwe ndinalakwa, ndipo ndikufuna anzanga pantchitoyi aone bwino kulakwako. Mafuta a mabuleki sapsa ngati a injini, sauma ngati madzi. Akatsika, apita penapake. Njira zake ndi ziwiri basi: kapena mapadi aperepeseka, mapisitoni a kalipa (chitsulo chofinyira mapadi pa disiki) atuluka kunja n'kusunga mafuta ambiri kumbuyo kwawo, kapena pali podontha. Mapadi atsopano a galimoto zotere amakhala ndi nyama pafupifupi mamilimita 11, ndipo kathanki kanapangidwa moti mafuta afike cha pa MIN mapadi akatsala pang'ono kutheratu. Mapadi a mamilimita 6 sangatsitse mafuta mpaka kuyatsa nyali. Masamuwo sanagwirizane, ine ndinawaona, koma sindinagwetse madilamu akumbuyo. Ntchito ya mphindi 20.

Masabata atatu otsatira

Zomwe zinachitika pambuyo pake ndinazimva kwa mnyamatayo zinthu zitavuta kale. Nyali inayambanso kuphethira patatha masabata atatu. Iye anali ataona mmene ife tinachitira: kutsegula chitsekero, kuthira, nyali n'kuzima. Lamulungu madzulo anafunsa kwa mnzake wa minibasi, yemwe anamupatsa kabotolo kolembedwa DOT 3, kotsegula kale, kokhala ndi mafuta oyera achikasu pang'ono. Anathira onse. Kabotoloko kanali koona, koma zam'kati sizinali zake: wina anasungiramo mafuta a jeke.

Lolemba ndi Lachiwiri sanaone chachilendo. Lachitatu anaona kuti galimoto ikulemera, ikasiyidwa pamalo otsetsereka pang'ono sikuyenda yokha ngati kale, ndipo petulo akutha msanga. Pedulo ya buleki inali itakwera ndi kuuma, zomwe iye anaganiza kuti ndi zabwino. Lachisanu, m'kati mwa October dzuwa likuswa mtengo, anayamba kutsika mtsetse ndi katundu wodzaza. Chapakati anamva fungo lopserera. Pokhota potsatira anaponda buleki, pedulo inalowa mpaka pansi osagwira kanthu. Anatsitsa giya kupita pa 2, kenako pa L, nakoka handibuleki pang'onopang'ono atagwira batani, n'kukhulitsa matayala akumanzere m'ngalande ya m'mbali mwa phiri mpaka galimoto inaima. Palibe anavulala. Ndimamuyamikira mpaka lero chifukwa sanazimitse injini ndipo sanakoke handibuleki kamodzi n'kamodzi.

Anandiimbira ali pomwepo. Nditafika patatha ola limodzi ndi theka, anandilandira ndi nkhope yosokonezeka. "Madala, buleki yabwerera yokha. Pondani muone, ili bwinobwino. Mwina ndingopitiriza?"

Ndinamukaniza. Buleki yosowa pakutentha n'kubwerera ikazizira ndi chizindikiro chakuti mafuta anawira. Madzi ndi mafuta sizipanikizika, n'chifukwa chake mphamvu ya phazi imafika kutayala. Nthunzi imapanikizika, ndiye phazi limangofinya nthunziyo mpaka pedulo kugunda pansi. Ikazizira nthunzi imasanduka madzi, pedulo n'kubwerera ngati palibe chachitika, koma chomwe chinawiritsa mafuta chikadali pomwepo, kudikira khota lina. Tinatsitsa katundu m'galimoto ina, Probox tinaikweza pa lole.

Zomwe tinapeza

Chinthu choyamba chinandiuza nkhani yonse ndisanagwire sipanala. Nditatsegula chitsekero cha kathanki, kamphira ka m'kati mwake kanali katatupa, kopindikapindika ngati chitumbuwa, kofewa, kokana kubwerera m'malo mwake. Mphira ya m'mabuleki ndi ya mtundu wa EPDM. Imagwirizana ndi mafuta a mabuleki a glycol, koma ikakumana ndi mafuta ochokera ku petroleum, kaya a injini, a giya, a chiwongolero kapena a jeke, imawamwa n'kufufuma.

Ndinatunga mafuta pang'ono ndi jakisoni n'kuthira m'botolo loyera momwe munali madzi. Mafuta enieni a mabuleki amasungunuka m'madzi, madziwo amangochita mbuu. Apa gawo lina linasungunuka, koma pamwamba panayandama timadontho tachikasu tomwe tinasonkhana n'kupanga kamzere kake. Kuyeza kumeneku sikufuna makina, botolo ndi madzi basi, ndipo ndimaonetsa mwini galimoto ndi maso ake kuti tisadzakangane pambuyo.

Kenako ndinafuna kudziwa chomwe chimagwira matayala. Tinakweza galimoto yonse, ndinapopa pedulo kangapo n'kusiya. Matayala onse anayi anali olimba kuzunguliza, akutsogolo osatheka n'komwe ndi dzanja limodzi. Likanakhala tayala limodzi ndikanaganizira kalipa yogwira dzimbiri kapena paipi ya mphira yofwafwalika m'kati. Onse anayi amaloza kugwero. Ndinayeza kaye kusewera kwa pedulo, kunali mamilimita 3, m'kati mwa 1 mpaka 6 amene amafunika, kusonyeza kuti kandodo ka booster (chowonjezera mphamvu ya phazi) sikakukankha master cylinder (pampu yaikulu yokankhira mafuta kumatayala). Nditamasula pang'ono nati ya paipi pa master cylinder, mafuta anathovoka ndi mphamvu, matayala awiri n'kumasuka nthawi yomweyo. Nati yachiwiri inamasula awiri enawo.

M'kati mwa master cylinder muli timabowo tating'ono kwambiri tomwe timabwezera mafuta kukathanki phazi likachoka pa pedulo. Timphira ta pisitoni titatupa tinatseka timabowoti. Mafuta amapita kumatayala koma osabwerera. Mapadi amakhula disiki nthawi zonse, kutentha kumafufumitsa mafuta otsekeredwawo, kufufumako kumawonjezera kugwira, kugwira kumawonjezera kutentha. Pamsewu wa m'tauni zimenezi zimangodya petulo. Pamtsetse, ndi katundu, m'mwezi wa October, zinawiritsa mafuta. Madisiki onse awiri anali ndi mawanga abuluu, mapadi osalala ngati galasi.

Mafuta akalewo nawonso anathandizira. Amene ndinatulutsa pa nipulo ya kalipa (kabawuti kotulutsira mafuta ndi mpweya), kachipangizo koyezera madzi kanayatsa nyali yomaliza, ya 4 peresenti. Kachipangizo kameneka sikanena zenizeni ndendende, komabe pamodzi ndi mtundu wakudawo zinaonetsa kuti mafutawa mwina sanasinthidwepo chibwerere galimoto kuchokera ku Japan.

Pomaliza tinagwetsa madilamu, ntchito yomwe inayenera kuchitika mwezi wathawo. Kumanja kunali kouma. Kumanzere, nditapinda kamphira kotchinga fumbi pa wheel cylinder, kasilinda kokankha mashuzi kuti akhule dilamu, mafuta anatsika pachala. M'kati monse mwa dilamu munali phala lakuda la fumbi la mashuzi losakanikirana ndi mafuta, mashuziwo atanyowa mpaka m'kati. Fumbi ndi lomwe limamwa mafuta odonthawo, n'chifukwa chake kunja kunalibe dontho. Khoma la silindayo linali ndi tizibowo ta dzimbiri pansi pake, pomwe madzi amakhazikika. Ndinamasulanso master cylinder pa booster kuona ngati inkadonthera kumbuyo, chifukwa kumeneko ndi kwina komwe mafuta amabisala, koma kunali kouma.

Kudontha kumeneku kunakulitsanso vuto mwanjira ina. Mafuta a jeke ndi opepuka kuposa a mabuleki, ndiye poyamba amayandama pamwamba m'kathanki. Munthu akazindikira msanga asanaponde pedulo, timangowayamwa, kuchotsa kathanki ndi master cylinder, kutsuka, kusintha timphira, nkhani yatha. Pano galimoto inayenda masiku asanu, ikugwedezeka, ikudonthera kumbuyo kumanzere, ndipo kudonthako kunakokera mafuta olakwikawo kudutsa mu ABS mpaka kutayala. Nditatunga pa nipulo iliyonse payokha n'kuyesa m'madzi, timadontho toyandama tinapezeka m'mabotolo atatu mwa anayi.

Kukambirana ndi eni galimoto

Mayi aja anabwera Loweruka m'mawa. Ndinayala zonse patebulo: chitsekero chotupa, mabotolo anayi, mashuzi onyowa. Ndisanatchule mtengo ndinawauza kuti kudonthaku kunalipo kale tsiku lomwe galimoto inabwera koyamba, ine sindinakupeze chifukwa sindinatsegule madilamu, choncho ndalama ya ntchito ya manja sindilandira, agule zipangizo zokha. Mnyamata uja anali ataima pakhomo, mutu uli pansi. Ndinanenanso pamaso pa mayiwo kuti iye anangotsanzira zomwe anaona pagalaja.

Mndandanda unali wautali: master cylinder ndi kathanki kake, timphira ta makalipa onse awiri, ma wheel cylinder onse awiri, mapaipi onse a mphira, mapadi, mashuzi mbali zonse, madisiki, ndi bokosi la ABS.

"Bambo, zonsezi? Bwanji mungotsuka ndi mafuta atsopano, musinthe chodonthacho? Katundu wanga ali pa ngongole."

"Mayi, mphira ikamwa mafuta amenewa sibwerera. Lero itupa, mawa ifewa, kenako ing'ambika. Ndikatsuka chabe galimoto ituluka pano ikugwira bwino, koma idzakusiyani tsiku lomwe simukulidziwa, ndipo msewu wanu ndi womwe uja."

Pomwe tinalimbana kwambiri ndi pa bokosi la ABS, chifukwa ndiye lodula, ndipo nyali yake yachikasu sinayake. Inenso ndinasinkhasinkha usiku wonse. Nyali ya ABS imaona za magetsi: masensa a kumatayala, mawaya, mota ya pampu. Siiona kamphira kofufuma m'kati mwa bokosi. Bokosilo silitsegulidwa kuti usinthe timphira, ndipo lili ndi tinjira tomwe mafuta otsukira safikamo pokhapokha ABS ikugwira ntchito. Mafuta olakwika akanapezeka m'kathanki mokha ndikanalisiya. Koma anali atadutsamo n'kutulukira kumatayala atatu. Wina anawalangiza mayiwo kuti tingolambalala ABS ndi mapaipi achindunji. Ndinakana, popeza pa galimoto iyi bokosi lomwelo ndi lomwe limachepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Mukalichotsa, galimoto ikakhala yopanda katundu matayala akumbuyo amayamba kuloka, pokhota imatembenuka.

Galimoto inakhala pagalaja masiku 9 kudikira ndalama. Master cylinder ndi bokosi la ABS tinagula zogwirapo kale ntchito, zochokera pa Probox ina yophwasulidwa, nambala za pa bokosi zofanana ndendende. Ndisanalipire ndinapempha kuona chitsekero cha kathanki ka galimoto yophwasulidwayo, kamphira kake kanali kosalala, kosatupa. Zina zonse za mphira tinagula zatsopano. Mapaipi achitsulo tinawatsuka ndi sipiriti, kuwauzira mpweya wouma, n'kuwasiya usiku wonse. Petulo, parafini ndi dizilo siziyandikira mabuleki, zonsezi ndi abale ake a mafuta a jeke aja.

Mafuta ati

Pa chitsekero palembedwa DOT 3. Manambala amenewa amachokera ku muyezo wa boma la America wotchedwa FMVSS 116, ndipo chachikulu chomwe amanena ndi kutentha komwe mafuta ayenera kupirira asanawire. DOT 3 yatsopano isawire pansi pa madigiri 205 a Celsius, ndipo ikamwa madzi okwana 3.7 peresenti isawire pansi pa 140. DOT 4 ndi 230 ndi 155. DOT 5.1 ndi 260 ndi 180. Onani kusiyana kwa nambala yoyamba ndi yachiwiri: DOT 3 imataya madigiri 65 chifukwa cha madzi osakwana supuni zazikulu zitatu pa lita. Madziwo amalowa okha kuchokera mumpweya, kudzera pachitsekero ndi m'mapaipi a mphira, chaka ndi chaka. N'chifukwa chake botolo lotsegula kale, ngakhale likhale la mafuta enieni, sindilikhulupirira likakhalitsa pashelefu.

Ndinasankha DOT 4. Ndi ya banja limodzi la glycol ndi DOT 3, timphira take ndi tomwe tomweto, ndipo madigiri owonjezerawo ndi ofunika kwa galimoto yotsika Chikwawa ndi katundu. Kukwera kuchoka pa 3 kupita pa 4 n'kololedwa. Kutsika ayi: galimoto yolembedwa DOT 4 isathiridwe DOT 3. Ndinawauzanso kuti DOT 4 siikhala nthawi yaitali kuposa inzake, isinthidwe isanapyole zaka ziwiri, ndipo kwa galimoto iyi ndidzayeza chaka chilichonse mvula ikatha.

Mayiwo anafunsa funso lomwe ambiri amafunsa. "Nanga 5 si ndiye yabwino koposa? Ndinaiona m'shopu." DOT 5 ndi ya silicone, nthawi zambiri yofiirira ngati bilinganya, siisakanikirana ndi zinazi, ndipo siyoyenera galimoto ya ABS chifukwa imasunga timathovu ta mpweya pampu ikamagunda mofulumira. DOT 5.1, ngakhale dzina likufanana, ndi ya glycol. Kadontho kamodzi pa botolo kamasiyanitsa zinthu ziwiri zosagwirizana, ndipo wogulitsa m'shopu si nthawi zonse amadziwa.

Master cylinder tinaichotsa mpweya pa benchi tisanaimange. Kenako tinabulida, kutanthauza kutulutsa mpweya m'mapaipi, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder kumalizira lapafupi, wophunzira wanga akuyang'anira kuti kathanki kasatsike pansi pa MIN. Panapita malita awiri. Pomwe mafuta anadonthera pa penti tinatsuka ndi madzi nthawi yomweyo, chifukwa amasupula utoto. Ndinapita nayo pamsewu wafumbi, kuponda mwamphamvu kangapo mpaka pedulo kunjenjemera kusonyeza kuti ABS yagwira, n'kubwerera kudzabulidanso. Ulendo wachiwiriwu panatuluka timathovu tochepa kumbuyo kumanja.

Nyali inakana kuzima

Pedulo inali yolimba, matayala omasuka, mafuta pa MAX, handibuleki pansi, koma nyali yofiira ili ngwee. Wophunzira wanga anati tingozula babu, mayiwo akudikira. Ndinamukhazika pansi n'kumukumbutsa kuti nyali yomweyi ndi imene inanena zoona mwezi wathunthu ife osamva.

Tinayenda m'modzim'modzi mwa oiyatsa aja. Ya batire inali yozima, ndipo mita inaonetsa ma volt 14.1 injini ikulira, ndiye alternator ilibe mlandu. Yachikasu ya ABS imayaka potsegula kiyi n'kuzima patatha masekondi ochepa, monga iyenera. Ndinazula waya pa kaswichi ka handibuleki, nyali osazima. Nditazula pulagi pambali pa kathanki, inazima. Kapulasitiki koyandama m'kathanki kogula kaja kanali katamatirira pansi ndi litsiro louma, popeza kanakhala nthawi yaitali kopanda mafuta. Tinachotsanso kathanki, kutsuka ndi sipiriti mpaka kapulasitikiko kumamveka kakugogoda tikagwedeza, kuumitsa, kubwezera. Kenako ndinayesa mbali inayo, yomwe ambiri amaiwala: ndinayamwa mafuta ndi jakisoni mpaka pansi pa MIN, nyali inayaka, nditabwezera inazima. Pulagi ikangosiyidwa yozula nyali imazimanso bwinobwino, ndipo ndalandirapo magalimoto angapo otero, oti dalaivala sakudziwa kuti mlonda wake anamangidwa pakamwa.

Zotsatira

Ulendo woyamba wotsika mtsetse ndinakwera nawo ndekha, galimoto ili ndi katundu wake wanthawi zonse. Ndinamuonetsa mnyamatayo kulowetsa giya ya 2 asanayambe kutsika, kuponda buleki mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya kuti izizire, osati kugonekapo phazi njira yonse. Titafika pa Thabwa ndinayandikitsa dzanja pa tayala lililonse: akutsogolo otentha mofanana, akumbuyo ofunda chabe. Ndinalemba mzere ndi cholembera chosafufutika pa kathanki pomwe mafuta analekezera. Patatha sabata, kenako mwezi, anali pamzere pomwepo, kamphira ka chitsekero kosalala, madilamu ouma m'kati.

Pagalaja ndinasintha kachitidwe. Galimoto yobwera ndi nyali yofiira kapena mafuta otsika siithiridwa kanthu mpaka matayala anayi atachoka, mapadi atayezedwa ndi kulembedwa pa khadi, madilamu atagwa, ndi kuseri kwa master cylinder kutaonedwa. Mapadi akapezeka atatha, timasintha mapadi osathira mafuta, chifukwa pobweza mapisitoni mafuta amakwera okha, ndipo ukathira kale amasefukira. Mabotolo opanda kanthu a mafuta a mabuleki timawaboola tisanataye.

M'mwezi wa February foni inalira cha m'ma 6 koloko madzulo. Anali mnyamata uja, ali pa Nchalo. "Madala, yayakanso, koma ulendo uno yayaka ndi ya batire. Mafuta ali pamzere wanu uja, sindinatsegule." Ndinamuuza azimitse injini, ayang'ane lamba. Lamba analipo, wolimba. Anagona komweko, m'mawa makaniko wa kumeneko anapeza kuti mabulashi a alternator atha, anasintha, nyali zonse ziwiri zinazima, ndipo galimoto inakwera phiri masana ake ndi matumba a mpunga.